Mwana wanga akuwerenga buku lili chozondoka, ndithandizeni

Mayi a Tadala
Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ine ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo. Mwana wanga wamkazi ali sitandade 2, zaka 7, teremu yathayi anakhala nambala 9 mkalasi ya ana oposa 100 nde ine ndimangoti zinthu zili bho. Dzulo madzulo ndikusenda mbatata pakhonde ndamuuza kuti tatenga buku lako la Chichewa undiwerengere, wayamba mokweza bwinobwino osakakamira olo pamodzi mpaka ine kumwetulira ndekha, kenako potembenuka kuti nditaye makoko ndaona kuti buku waligwira chozondoka!! Mutu pansi miyendo m'mwamba koma mawu akutuluka ngati wailesi. Ndamulanda ndatsegula tsamba lakutsogolo lomwe sanafikepo ndamulozera mawu ena, iye wangoyang'ana chithunzi nkunena kuti "mbuzi" pomwe palembedwa "meta". Ndatenga khala ndalemba pa katoni ya sopo kuti "moto", wangokhala duu misozi mbwembwembwe. Moto anthu inu, malembo 4 okha. Nde aphunzitsi amene muli muno tandiuzani, vuto ndi mwanayu, ndi ine kapena ndi kusukulu?

Bambo a Yamikani
kkkkkk pepani mayi ndaseka koma sizoseketsa. Wanga anali chonchonso, amaimba a e i o u mpaka agalu apaneba kuuwa koma ukamulozera u payekha amati ndi kapu

Nachisale
Chonde musamukalipire, akangoyamba kuliopa buku ndiye mwamutaya. Ine bambo anga ankandiwerengetsa ali ndi kamtengo ka pichesi mmanja mpaka lero ndikaona nyuzi mtima umagunda

Madamu a ku Dowa
Mayi a Tadala mwaswera bwanji. Ine ndimaphunzitsa sitandade 1, chaka chino ndi cha 11. Choyamba mtima pansi, mwana woti waloweza tsamba lonse nkulinena osaphonya ndi wanzeru ameneyo, kungoti nzeruzo wazipititsa koloweza chifukwa waona kuti ndi njira yomwe ikumupulumutsa. Ndinene chilungamo ngakhale ndikudziwotcha ndekha. Mkalasi mwanga muli ana 134 pomwe boma limati mphunzitsi mmodzi ana 60. Ndikaloza pabolodi onse amabwereza pamodzi mokuwa, ukamamva phokosolo umati eee ana anga akuwerenga, chonsecho amene akuyang'anadi malembo ndi mizere iwiri yakutsogolo, akumbuyo akungotsatira nyimbo maso ali pawindo wina akudya chimanga chokazinga mthumba. Pa mayeso tikafunsa mawu omwewo a m'buku amakhoza. Nambala 9 imabwera choncho.

Mawa chitani izi. Buku lisiyeni kaye. Lembani pansi ndi kamtengo lembo la m nkumufunsa kuti kameneka kamalira bwanji. Akati "emu" ndiye kuti dzina la lembo akulidziwa koma liwu lake ayi. Liwu lake ndi mmmm, milomo yotseka ngati wamva fungo la nyama yootcha. Kenako o. Kenako muwakokere pamodzi mmmooo, mo. Kenako t ndi o, to. Mo, to. Moto. Mwana amene akuti emu, o, ti, o sangatulutse moto ngakhale mutamupatsa chaka.

Mayi a Tadala
Iiii madamu ndiye ine ndi amene ndamusokoneza, ndimamuimbitsa ei bi si di kuyambira ali ku mkaka phala ndimati ndikumuthandiza

Madamu a ku Dowa
Simunalakwe, mayina a malembo adzawafunabe. Koma siwo amatsegula mawu. Ndipo chenjerani ndi chinthu china chomwe ngakhale aphunzitsi anzanga ambiri amachita, kunena kuti "mu" kapena "ma" m'malo mwa mmm, "tu" m'malo mwa t wouma uja. Mwana akaphatikiza amapeza mu-o-tu-o nkumakuyang'ana kuti chimenechi nde chinyama chanji.

Komanso musayambe a b c d motsatana. Ifeyo timayamba ndi malembo amene amapezeka kwambiri m'Chichewa, a n i k u m e t o, aphunzitsi timangoti anikumeto. Ubwino wake ndi woti mwana akangodziwa a, n ndi i basi wayamba kale kuwerenga "ana", "ina", "nani". Mukaonjezera k, u ndi m muli ndi "kuno" ayi pepani kuno akufuna o, muli ndi "kana", "nkuni" ikubwera patsogolo, "amama", "mana", "kumana". Sabata zochepa mwana akuwerenga kachiganizo kathunthu ngati "amama akuona ana" akafika pa o. Pomwe mukayamba ndi a b c d mupanga mawu anji? aba? Mwana amatopa asanaone phindu lake.

Aphunzitsi opuma a ku Ntcheu
Ndawerenga zonse ndipo ndikupempha kuti nanenso ndiikepo mlomo. Ndinayamba kugwira choko mu 1979 ndipo ndinapuma nditaphunzitsa zaka zoposa 30. Ife sitinkaliza malembo ngati njuchi ayi. Tinkayamba ndi a e i o u, kenako ba be bi bo bu, ma me mi mo mu, mwana nkumalumikiza ba ndi ba, me ndi ta. Pofika sitandade 2 ana athu ankawerengera agogo awo makalata ochokera ku Joni ndi ku Halale, ena ankawerenga mau kutchalitchi. Chichewa chimayenda ndi maphatikizo, mwana wa Mchewa akamayankhula sanena m payekha, amanena ma. Izi zoliza lembo lililonse palokha zinapangidwira Chingerezi, ife tangozitengera chifukwa zinabwera ndi ndalama. Mundikhululukire madamu, sindikunyoza ntchito yanu.

Bambo a Yamikani
Eeeh agogo alowa mubwalo, madamu yankhani kkkk

Madamu a ku Dowa
Ayi bambo simunanyoze, inenso ndinaphunzira ndi ba be bi bo bu yemweyo ndipo sitinamutaye, maphatikizo timaphunzitsa tsiku ndi tsiku, liwu la lembo ndi khomo chabe, tsiku lomwelo timalowa m'maphatikizo. Koma tandiuzani, ba be bi bo bu ndi wophweka, nanga mwana akakumana ndi nkhwangwa? ntchentche? mphwayi? mnkhwani? Aloweza nkhwa nkhwe nkhwi ngati chithunzi, ntcha ntche ntchi ngati chithunzi china, mpaka zithunzi mazana angati? Amene akudziwa kuti n amalira chonchi, kh chonchi, w chonchi amatha kumasula yekha phatikizo lomwe sanalionepo. Ndi pokhapo pamene ndimaona kusiyana.

China bambo, nthawi yanu mkalasi munali ana angati? Ndipo amene zinkawakanika ankatani, sankangosiya nkupita kukaweta ng'ombe? Mu 1994 pulayimale itakhala yaulere ana anachoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni chaka chimodzi, makalasi pansi pa mitengo, aphunzitsi ambirimbiri kulembedwa asanapite ku koleji. Amene kale ankatsala kumudzi pano ali mkalasi mwanga onse. Kafukufuku woyesa kawerengedwe ka ana wotchedwa EGRA wa 2010 anapeza kuti ana pafupifupi 7 mwa 10 aliwonse a sitandade 2 sankatha kuwerenga ngakhale mawu amodzi a m'kankhani ka Chichewa. Nchifukwa chake kunabwera National Reading Programme, pulogalamu ya boma yophunzitsa kuwerenga, mu 2016. Sikuti anangofuna kusintha chabe.

Aphunzitsi opuma a ku Ntcheu
Pa nkhwangwa paja mwandigwira, ndivomere. Ana ambiri ankakakamira pamenepo ndipo tinkathetsa ndi chikwapu, zomwe sindinyadira lero. Ana ndinkakhala nawo 45 kapena 50. Koma pali chimodzi chomwe sindigonja. Ife tinali ndi nthawi ya nthano. Lachisanu ndinkatulutsa ana pansi pa mkuyu, ndikangoti "Padangokhala!" onse "Tili tonse!" ngakhale wovuta uja ankakhala chete kukamwa yasa. Ndikafika pa nyimbo onse kuvomera ndi kuomba m'manja. Potsiriza "Kaphuleni mbatata!" iwo "Yapserera!" Ndiye Lolemba ndinkalemba pabolodi ziganizo zitatu za nthano yomweyo, Kalulu anakana kukumba chitsime, Kalulu anabwera ndi uchi, Kamba anagwira Kalulu. Ana ankalimbirana kuwerenga chifukwa ankafuna kumupeza Kalulu pabolodipo. Mdzukulu wanga lero amatha kuliza malembo bwino, amawerenga ndime yonse mofulumira, koma ndikamufunsa kuti tsono wamva chiyani amandiyang'ana ngati ndamufunsa za ku mwezi. Kumeneko nkuwerenga kapena nkulira kwa chingolopiyo?

Nabanda ku Leeds
Agogo mwandikumbutsa kutali mpaka misozi, ife nthano zinali za madzulo pamoto tikukazinga chimanga ndipo amati ukanena nthano masana amako asanduka chulu kaya mumera nyanga kaya, aliyense amanena zake kkkk

Madamu a ku Dowa
Apa nde bambo tili limodzi. M'buku la mphunzitsi nkhani zowerengera ana mokweza zilimo, ndipo timayenera kuwafunsa asanamve kuti mukuganiza kuti chichitike nchani, kenako mafunso pamapeto. Koma ndikuuzeni zomwe zimachitika. Phunziro lililonse linalembedwa kale, chilichonse ndi mphindi zake, ndichite ine, tichite tonse, achite okha. Kungogawa mabuku kwa ana 134 mphindi 10 zapita, wina akulira walandidwa pensulo, wina wadzikodzera, belu la phala likangolira kalasi yonse maganizo ali ku makapu. Nde chimene chimadulidwa nchani? Nkhani ija. Chifukwa alangizi akabwera amayang'ana ngati uli pa phunziro la sabata imeneyo, safunsa ngati ana anaseka pomwe Fisi anang'ambika pofuna kutsata njira ziwiri. Ineyo ndinayamba kuba mphindi 15 zomaliza Lachitatu ndi Lachisanu, ndimatseka buku nkunena nthano ya pakamwa, ndipo masiku amenewo ndi omwe ana sajomba.

Bambo a Yamikani
Madamu samalani muno muli ma PEA, alangizi a masukulu aja kkkkk

Achimwene a ku Mzimba
Moni mose. Ine ndili ndi sitandade 2 kuno kumpoto ndipo nkhani yanu ya nthano kwa ife ndi yaikulu kuposa mmene mukuganizira. Mwana wa kuno amabwera kusukulu akuyankhula Chitumbuka chokha, buku lili m'Chichewa. Kuliza malembo amaphunzira msanga ndithu chifukwa malembo ndi omwewo, amawerenga "madzi" bwinobwino koma iye amadziwa maji, amawerenga "nsima" iye amati sima, "galu" iye amati ntcheŵe. Nde amatha kuwerenga tsamba lonse osamva kanthu ngati mmene ine ndingawerengere Chipwitikizi. Ndimachita kuyamba ndawafotokozera kankhaniko m'Chitumbuka ngati vidokoni vya kunyumba, akaseka, akakangana kuti wolakwa ndani, kenako ndimati tiyeni tsopano tikaipeze m'buku. Popanda zimenezo ndimangoweta zinkhwe. Anzanga a ku Mangochi ndi Machinga ndi ana a Chiyao, a ku Nsanje ndi Chisena, akudziwa zomwe ndikunena.

Mayi a Mapasa
Ine ndinene zosiyana pang'ono musandigende. Zonsezi za Chichewa mwana adzapita nazo kuti? Mayeso a sitandade 8 onse ndi a Chingerezi kupatula pepala la Chichewa lokha, ku sekondale Chingerezi, intavyu Chingerezi. Anga ndinawachotsa ku boma ndinawaika ku pulaiveti, kumeneko akangoyankhula Chichewa amalembedwa dzina, pano ali sitandade 1 koma akuyankhula chizungu mpaka apongozi anga kumangoti yes yes. Mayi a Tadala ngati thumba likulola musamutseni mwanayo basi

Mayi a Tadala
Thumba lake liti mayi, ine ndimagulitsa mandasi ndi zitumbuwa pa depoti

Nachisale
Mayi a Mapasa kuyankhula ndi kuwerenga ndi zinthu ziwiri. Tawayesani mapasawo mmene anachitira anzathuwa, muwalembere mawu achingerezi omwe sanawaonepo opanda chithunzi mutiuze

Mayi a Mapasa
Amawerenga ndithu, homuweki amapanga okha

Nabanda ku Leeds
Ndilowererepo poti ndili kwa eni chizunguwo. Kuno ku England mwana akamamaliza Year 1, zaka 5 kapena 6, mwezi wa June amamuyesa kuliza malembo, mawu 40 ndipo theka lake ndi mawu abodza opanda tanthauzo, pambali pake amajambulapo tizilombo toseketsa kuti mwana adziwe kuti ndi dzina la kachilomboko. Cholinga chake nchimodzimodzi ndi zomwe akunena madamu, kugwira ana oloweza. Nde musaganize kuti azungu amangoyankhula nkudziwa kuwerenga, amavutika zaka chifukwa Chingerezi ndi chachinyengo, c wa mu cat ndi c wa mu city salira mofanana, ough yekha amalira mitundumitundu. Mwana wanga wamwamuna atamaliza zimenezo ndinamupatsa buku la nyimbo la Chichewa lomwe ndinabwera nalo, ndinangomuuza kuti a e i o u kwathu sasintha, madzulo omwewo anayamba kuwerenga ndime yonse agogo ake akumvera pa foni kuchokera ku Kasungu akulira. Kumva samamva zonse koma kuwerenga kokhako Chichewa nchosavuta, chimalembedwa mmene chimamvekera. Nde ine ndimaona kuti mwana wakumudzi ali ndi mwayi, aphunzire kumasula malembo m'chiyankhulo chomwe amalota nacho, luso lomwelo adzalinyamula popita ku Chingerezi.

Madamu a ku Dowa
Zoona koma polinyamula pamakhala ngozi zake kkkk. Chaka chatha ndinathandizira sitandade 3, ndalemba pabolodi "make a cake" mtsikana wina wochenjera kwambiri waimika mkono molimba mtima nkuwerenga kuti "make a chake", make ngati mayi ake a mwana. "Take" amati take, "phone" amatchula ph wa phala. Sindinamukalipire, ndinauza kalasi kuti muombereni m'manja chifukwa waliza lembo lililonse molondola, kungoti malamulo a nyumba ina ndi ena. Mwana wotero kumukonza nkosavuta, umangomuuza kuti kuno e wakumapeto sayankhula, kuno ph ndi f. Wovuta ndi uja woloweza chifukwa alibe pogwira.

Bambo a Yamikani
make a chake 😂😂😂 ndafa ine, ameneyo adzakhala loya

Wa ku Chipata
Muli bwanji a Malawi. Kuno ku Zambia ise tilemba c pomwe inu mulemba ch, cakudya, cinthu, Cinyanja. Nde mwana wanga akanawerenga cake uja kuti cake yemweyo wa "cake ca mwana" sembe anakhoza na madamu kkkk. Mavuto ni amodzimodzi, ana ambili mu kilasi, mabuku ocepa

Aphunzitsi opuma a ku Ntcheu
Popeza mwatchula ph, makolo samalani ndi h ameneyu, ndi wamng'ono koma amasintha nkhani. Pala ndi phala, kala ndi khala, tumba ndi thumba. Muuzeni mwana aike chikhatho patsogolo pa kamwa, akati pa sipatuluka mpweya, akati pha amva kamphepo. Chimodzimodzi ng ndi ng', ngoma ndi ng'oma, ngozi ndi ng'ona. Kachizindikiro kaja ka pamwamba pa ng' ana amakaona ngati dothi lagwera papepala. Ndipo l ndi r musavutike naye mwana wa zaka 7, akuluakulu omwe timasokoneza.

Admin
Amene mwaponya za mbewu ya chimanga yotsika mtengo ndachotsa, gulu lino si msika chonde. Pitirizani aphunzitsi nkhaniyi ikutithandiza ambiri

Mayi a Tadala
Zikomo nonse ndaphunzira zambiri koma tsono ndiyambire pati ine, ndimadzuka 3 koloko kukazinga mandasi ndimabwera madzulo nditatheratu, mabuku ena ndilibe, bambo ake ali ku Joni amangotumiza ya lendi

Madamu a ku Dowa
Mphindi 10 zokha patsiku mayi, osapitirira, akatopa siyani. Pa depoti pomwepo tolani zitsekerero za mabotolo a Fanta ndi Sobo, lembani lembo limodzi mkati mwa chilichonse ndi maka kapena mudule timapepala mumate ndi phala. Ku koleji zimenezi timati TALULAR, kuphunzitsira zomwe zili pafupi. Yambani ndi a n i k u m basi. Muzisewera ngati bawo, inu mwaika k ndi a iye anene ka, mwachotsa a mwaika u anene ku, kenako iye akuikireni inu ndipo nthawi zina muzilakwitsa dala kuti akukonzeni, ana amakonda kugwira wamkulu akulakwa. Muzimupangiranso mawu abodza ngati "numa", "kimu", akawerenga amenewo ndiye kuti akuwerengadi chifukwa sangawaloweze kulikonse. Mukamakazinga muzimufunsa kuti mandasi akuyamba ndi liwu lanji, nanga mafuta, nanga moto, tchula china choyamba ndi mmm. Zimenezo sizifuna buku olo nyali.

Buku lakusukulu akabwera nalo phimbani chithunzi ndi dzanja, ndipo aziloza ndi chala mawu alionse amene akutchula. Nthawi zina muyambitseni chiganizo chomaliza kubwerera m'mwamba, nyimbo ija imasokonekera.

Aphunzitsi opuma a ku Ntcheu
Ndipo mwana wanga, pakhomopo pali munthu wamkulu? Agogo ake?

Mayi a Tadala
Alipo mayi anga ndimakhala nawo koma sukulu sanapiteko, olo dzina lawo amadinda chala

Aphunzitsi opuma a ku Ntcheu
Amenewo ndiye mphunzitsi wamkulu pakhomopo, musawaderere. Madzulo azimuuza nthano mdzukulu wawo mmene ankachitira kale, ndi nyimbo zake, ndi zilape zomwe. Akamaliza mufunseni mwana kuti chinayamba nchiyani, kenako chinachitika nchiyani, bwanji Kamba anapambana pomwe Njovu inalephera, iwe ukanatani. Mawa lake aibwereze yekha kwa mng'ono wake kapena kwa anzake. Ndiyeno inu tengani katoni ija munalembapo moto, mulembepo ziganizo ziwiri kapena zitatu zazifupi zochokera m'nthanoyo, mawu ake omwe mwanayo wanena, muikhome pakhoma. Akaiwerenga aziwerengera agogo akewo, ndipo agogo aziti eya ndi momwemo kapena ayi wadumpha. Mudzaona, gogo wosadziwa lembo ndi mmodzi yemwe azidzamukonza mwana wowerenga chifukwa nkhaniyo ndi yake. Pakatha miyezi iwiri muli ndi makatoni khumi, limenelo ndi buku, ndipo palibe mwana wina m'Malawi muno ali nalo.

Nachisale
Agogo izi nde ndazikonda, ndiyamba ndi amayi anga akabwera kudzadwazika mwezi wamawa. Mwina tizijambula mawu pa foni nthanozo tiziponya muno ena alibe agogo pafupi

Achimwene a ku Mzimba
Chinanso mayi mukapeza mpata mukamuonetse maso ndi makutu kuchipatala. Ndinali ndi mnyamata chaka chonse ndimamuyesa waulesi, kumbuyo uko, kenako tinapeza kuti khutu limodzi limatuluka mafinya samamva bwino. Mwana wosamva kusiyana kwa p ndi b sangalize malembo. Ndipo mukapemphe aphunzitsi ake amuike kutsogolo, pitani mwaulemu musakayambe ndi kukalipa

Bambo a Yamikani
Nanga matabuleti aja akugawa m'masukulu a boma ena, a BEFIT, amathandiza kapena ana amangoonera zidole? Kwathu sanafike

Madamu a ku Dowa
Kwa anzanga kumene anafika amati ana amawakonda, mwana aliyense amavala zam'makutu nkumayenda pa liwiro lake, kamamulizira lembo iye nkumakhudza, ndipo ndi Chichewa. Chomwe ndimasirira ine ndi choti kamakhala ndi mwana mmodzi mmodzi, chinthu chomwe ine ndi ana 134 sindingathe. Koma mphindi zake nzochepa ndipo katabuleti sikangaone kuti mwana wabwera ndi njala. Nkhawa yanga ili pa mabuku, ambiri a pulogalamu yowerengayi ankasindikizidwa ndi thandizo la USAID nde mmene anatsekera mu 2025 muja, athuwa akung'ambika, ana atatu anayi buku limodzi, wapakati yekha ndi amene amaliona choongoka, wa mbali iyi amaliona chammbali, wakhala moyang'anizana nawo amaliona chozondoka chaka chonse.

Mayi a Tadala
Mayooo madamu!! Nde mwina nchifukwa chake analigwira chozondoka osaona vuto

Madamu a ku Dowa
Nzotheka kwambiri. Mufunseni amakhala mbali iti pagulu lawo

Mayi a Mapasa
Ndabweranso. Ndawayesa aja usiku, ndinalemba mawu pakope opanda zithunzi. Mmodzi wawerenga, winayo amangoyang'ana pakamwa pa mnzake nkumabwereza. Fizi yonse ija. Madamu nditumizireni ku inbox za zitsekerero zija bwinobwino

Nachisale
Osati ku inbox, zili pamwambapa mayi tangokwerani pang'ono kkk

Mayi a Tadala
Anthu a Mulungu ndabwera ndi lipoti patha sabata zitatu. Ndinamufunsa, amakhaladi moyang'anizana ndi mwini buku madamu munalosera. Ndinapita kukaonana ndi aphunzitsi ake nditanyamula mandasi 5, ndi mayi abwino kungoti atopa, amusunthira kutsogolo. Zitsekerero tili nazo 19 pano, mng'ono wake anameza chimodzi ayi ndanama anangochitaya mchimbudzi, k wathu tinapanganso wina. Amayi anga nde asanduka munthu wina, tsiku lililonse nsima isanapse ayamba kale padangokhala, ana apaneba akumadzaza khonde mpaka eni nyumba afunsa ngati ndatsegula sukulu. Makatoni tili nawo 4. Ya Kalulu ndi chitsime anawerengera agogo ake nkudumpha pa uchi, agogo ake anamubweza kuti iwe uchi wausiya kuti, Kalulu anawanyenga ndi chani alonda aja, anabwerera ndi chala mpaka anaupeza.

Koma zomwe zandichitikira lero. Tikuchokera kumsika tadutsa pa mpanda wina wa njerwa, wangoima nkundikoka chitenje, wayamba kuloza khoma mokweza mmene amachitira kunyumba, o... sa... ko... dza... pa... no. OSAKODZA PANO amama!! Ndipo pompo pali bambo wina wamkulu bwino wa jekete watembenukira kukhoma komweko ali mkati mwa ntchito. Anthu ogulitsa tomato kuseka mpaka kugwa, bambo aja osatembenuka, ine kufuna kulowa pansi, mwana akufunsa kuti nanga iwowa sadziwa kuwerenga?

Bambo a Yamikani
😂😂😂😂 awapatse zitsekerero bambowo ayambe anikumeto

Madamu a ku Dowa
Kkkkk ndalira ndi chimwemwe. Koma tandiuzani mayi, dza uja anamutha yekha? Chifukwa dz sitinafikepo

Mayi a Tadala
Anakakamira pang'ono anati da kenako za kenako anangoziphatikiza yekha. Pansi pake panalembedwanso za chindapusa koma ndinamukoka tisanafike pamenepo